Silayisi ya Kumapeto kwa Buledi: Ya Munthu Kapena ya Nkhuku?

Buledi wodula kale wa m'sitolo amakhala ndi masilayisi pafupifupi 20, malinga ndi bekale yake. Mwa amenewa, awiri ndi osiyana ndi anzawo, ina kutsogolo ina kumbuyo, mbali yake imodzi ili khungu lokhalokha. M'makomo ambiri a pa Liwonde ndi pa Balaka tauni, dzanja likalowa m'jumbo limalumpha silayisi yoyambayo n'kukatenga ya kuseri kwake, ndipo buledi akamatha mumatsala awiri aja atayang'anizana, kudikira wowamvera chisoni. Ena amathera kwa nkhuku, ena kwa galu, ena amaiwalika pamwamba pa kabati mpaka kuchita chuku. Masamu ake savuta: awiri pa 20 ndi gawo limodzi pa magawo 10. Banja limene limataya mapeto onse awiri ndiye kuti pa malofu 10 aliwonse amene lagula, lofu imodzi yathunthu laigulira kudzala. Nthawi zina n'kuposa pamenepo, poti makina ena amasiya silayisi ya kumapeto yonenepa kuposa zinzake. Silayisi imeneyi ndi chakudya cha munthu ndipo iyenera kudyedwa, koma ili ndi nthawi yake, ndipo amene amailumpha tsiku loyamba sanalakwe monga momwe ena amaganizira.

Tiyambe ndi ulendo umene ufa wake unayenda. Tirigu wolimidwa kuno, kumapiri a Neno ndi ku Tsangano ku Ntcheu, ndi wochepa moti sangadyetse mabekale a dziko lino ngakhale mwezi umodzi. Pafupifupi yense amachokera kunja pa sitima za pamadzi n'kutsikira pa madoko a ku Mozambique, Nacala ndi Beira. Njanji ya ku Nacala, imene inatsegulidwa mu 1970, imalowa m'dziko muno pa Nayuchi m'boma la Machinga, n'kuoloka Shire pa Liwonde, n'kukalumikizana ndi njanji ya ku Blantyre pa Nkaya m'boma la Balaka. Choncho tirigu wodzera njira imeneyi amawadutsa pakhomo kawiri anthu a maboma awiriwa: koyamba ali m'mabogi kupita ku zigayo zikuluzikulu za ku Blantyre monga cha Bakhresa, kachiwiri akubwerera pa lole ali ufa m'matumba kapena ali buledi kale m'makreti. Paliponse pa ulendowu pakutuluka ndalama, ndipo zambiri mwa izo ndi zakunja, zomwe zija timazilira tikagona pa mzere wa mafuta. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka mu February 2022 tirigu anakwera mtengo padziko lonse, chifukwa mayiko awiriwa ali m'gulu la ogulitsa tirigu wambiri. Mu May chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, ndipo nthawi zonsezi buledi anali m'gulu la zinthu zoyamba kusintha mtengo pa okala. Wogulitsa sachotsera kanthu chifukwa choti masilayisi awiri ndi akhungu. Mwawalipira mofanana ndi apakati, ndipo dziko lawalipira ndi madola.

Munthu wa ku Chikweo kapena ku Utale akhoza kuseka pomva zimenezi, n'kufunsa kuti ndani amataya buledi kuno. Ali ndi mfundo. Balaka ndi boma limene mvula imakonda kulizemba, ndipo mu March 2024, chilala cha El Niño chitapsereza chimanga, Pulezidenti wa panthawiyo Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. M'midzi yambiri buledi amaoneka pa Khirisimasi, pa Idi, kapena mwana akabwera kuchokera ku Joni, ndipo patsikulo ngakhale nyenyeswa za m'jumbo zimapeza mwini. M'matiyirumu a pa Ntaja, pa Nsanama kapena pa Ulongwe nkhani yake ndi inanso. Kumeneko lofu yosadula imagonekedwa pa tebulo, mpeni n'kuidutsa pakati, kenako theka lililonse pakatinso, ndipo pa zidutswa zinayizo ziwiri ndi za kumapeto. Wakabaza amene wadzuka m'mbandakucha sakana chakumapeto. Amachinyika m'kapu ya tiyi wa mkaka, chimamwa tiyi koma osaphwasuka, pamene chapakati chikangochedwa pang'ono theka lake limatsalira m'kapu. Kumene buledi amadulidwa ndi dzanja, mapeto sanyozeka.

Kunyozekako kunabwera ndi makina. Buledi wodula kale anayamba kugulitsidwa mu 1928 m'tauni ya Chillicothe ku Missouri, ku America, ndi makina a Otto Rohwedder, ndipo kuyambira pamenepo diso linazolowera masilayisi ofanana kukula, oyera mbali zonse, osavuta kupaka majarini. Zinthu 18 zikafanana, ziwiri zosiyana zimaoneka ngati zolakwika ngakhale zilibe vuto. Kumene chizolowezi chimenechi chinazika mizu zotsatira zake zinawerengedwa: ku Britain bungwe la WRAP linapeza kuti m'makomo mumatayidwa masilayisi a buledi pafupifupi 20 miliyoni tsiku lililonse. Lipoti la nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe la mu 2024 linati mu 2022 dziko lapansi linataya chakudya choposa matani 1 biliyoni, ndipo magawo 6 pa 10 anatayidwa m'makomo. Chodabwitsa m'lipotilo n'chakuti kutaya chakudya pakhomo si khalidwe la mayiko olemera okha. Ndiye wa ku Chikweo uja wanena zoona za kwawo, koma Liwonde ndi Balaka akukula, buledi wa m'jumbo akufika pa sitolo iliyonse ya m'mbali mwa tala, ndipo makhalidwe a m'tauni sachedwa kukwera minibasi.

Nanga khungu lija n'chiyani kwenikweni? Ndi mtanda womwewo umene wapanga zofewa za m'kati, ufa womwewo, yisiti, mchere, shuga ndi mafuta omwewo. Ngati ufawo unathiridwa ayironi ndi mavitamini monga malamulo a dziko lino amafunira, ndiye kuti zili konsekonse, kumapeto ndi pakati pomwe. Kusiyana kwabwera ndi moto. Lofu ikalowa mu uvuni wotentha kupitirira madigiri 200, m'kati mwake simufika pamenepo, chifukwa madzi a mumtanda salola kutentha kupyola madigiri 100, n'chifukwa chake m'katimo mumatuluka moyera ndi mofewa. Kunja madzi amathawa msanga, ndipo pakangouma kutentha kumakwera, shuga n'kuyamba kugwirana ndi tizigawo ta mapuloteni. Kugwirana kumeneku, kumene Louis-Camille Maillard wa ku France anakufotokoza mu 1912, ndiko kumabala mtundu wofiirira ndi fungo lija limakuimitsani mukamadutsa pa bekale m'mamawa. Kukoma kwambiri kwa buledi kumakhala m'khungu, ndipo silayisi ya kumapeto ili ndi khungu lochuluka kuposa ina iliyonse. Anthu amene ana awo amalimbirana nkhoko za mumphika wa mpunga wa ku Chilwa sayenera kuvutika kumvetsa zimenezi, poti nkhokozo ndi mpunga womwewo umene unakumana ndi moto pafupi.

Pa za thanzi ndi pamene mbali zonse ziwiri zimakokomeza. Okonda khungu amatchula kafukufuku wa mu 2002 wa Thomas Hofmann ndi anzake ku Germany, amene anapeza kuti m'khungu la buledi muli mankhwala otchedwa pronyl-lysine ochuluka kuwirikiza ka 8 kuposa m'kati, ndipo mankhwalawa ali m'gulu la oteteza maselo a m'thupi. Nyuzipepala za panthawiyo zinaimba lokoma. Koma kuyesako kunachitikira pa maselo a m'labotale, osati pa anthu odya buledi, ndipo palibe dokotala woona amene angakulembereni khungu la buledi ngati mankhwala. Odana nalo nawo ali ndi chaka chomwecho cha 2002, pamene akatswiri a ku Sweden analengeza kuti zakudya za sitachi zophikidwa pa moto waukulu zimakhala ndi acrylamide, mankhwala amene bungwe la IARC linali litawaika kale mu 1994 m'gulu la zinthu zimene mwina zimayambitsa khansa. Mankhwalawa amayamba kupangika kutentha kukapitirira madigiri 120, choncho m'buledi amapezeka kwambiri m'khungu. Zimenezi n'zoona. Koma tchipisi cha pa chiwaya chimakhala nawo ochuluka kuposa buledi, ndipo akafukufuku aakulu otsatira zimene anthu amadya sanapeze umboni womveka woti mlingo wa m'zakudya za tsiku ndi tsiku ukuwonjezera khansa zambiri. Malangizo amene anatuluka ndi akuti powotcha kapena pokazinga tiziima pa mtundu wofiirira pang'ono, osafika pakuda. Khungu lopserera, limene limachitika kawirikawiri m'mauvuni a njerwa oyendera nkhuni moto ukakula mbali imodzi, lipaleni ndi mpeni kapena lidulenipo. Lofiirira bwino lilibe mlandu. Moto umawonongako pang'ono zina mwa zomanga thupi za pakhungu, komanso poti khungu lili ndi madzi ochepa, likalemera mofanana ndi zam'kati limakhala ndi chakudya chochulukirapo. Zonsezi zikaikidwa pa sikelo, palibe wopambana. Silayisi ya kumapeto si mankhwala, si poizoni, ndi buledi basi.

Dandaulo limene lili ndi mutu kwambiri ndi la ukhondo. Mapeto a lofu ndi amene amagwidwagwidwa: wotulutsa mu uvuni amagwira pomwepo, wopakira m'kreti pomwepo, wogula amene akufuna kudziwa ngati ndi walero amafinya pomwepo, kenako lofu n'kuyenda pa njinga mumsewu wafumbi. Anthu a maboma awiriwa ali ndi chifukwa chochitira mantha ndi manja osasamba. Mliri wa kolera umene unalengezedwa mu March 2022 wodwala wake woyamba anapezeka pa chipatala cha boma cha Machinga, ndipo mliriwo usanathe unapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse. Komabe, kutaya mapeto sikuteteza munthu. Ngati lofu yagwidwa ndi manja akuda yagwidwa pamsana ndi m'mbali momwe, ndipo silayisi iliyonse yapakati ili ndi mkombero wa khungu lomwelo, umene palibe amausenda. Wochotsa mapeto n'kudya zotsalazo wangodzitonthoza mtima. Komanso tizilombo timakonda ponyowa kusiyana ndi pouma, choncho khungu louma si malo amene timaswana msanga. Dandauloli likuloza kwina: kwa wogulitsa amene amalandira ndalama ndi dzanja lomwelo lotolera masikono ndi obama, kwa ogula ofinya buledi wosakulunga n'kumusiya, ndi kwa ife amene timanyema buledi tisanasambe m'manja. Pa buledi wodula kale nkhawayi ilibe poima, poti amadulidwa ndi makina n'kulowa m'jumbo onse pamodzi, ndipo ndi yemweyo amene mapeto ake amatayidwa kwambiri.

Tsopano tifike pa anthu olumpha aja, chifukwa akuchita chinthu chanzeru ngakhale ambiri sadziwa chifukwa chake. Mu October, dzuwa la pa Liwonde likamaswa mtengo, chotsani silayisi yoyamba n'kusiya lofu poyera. Pakapita ola limodzi kapena awiri, nkhope yodulidwayo imakhala itayamba kukhakhala ndi kupindika m'mbali, pamene kuseri kwake kukadali kofewa. Silayisi ya kumapeto ikabwezeredwa pamalo pake, jumbo n'kupotokoledwa kukamwa kwake n'kupanikizidwa pansi pa lofu, chinyezi sichithawa msanga. Khungu lija linauma kale mu uvuni ndipo mphepo ilibe chambiri cholilanda. Choncho wodya silayisi yoyamba tsiku loyamba, pa lofu imene ikhale masiku atatu, wavundukula buledi wake yekha. Ngati lofu ithe pa tiyi mmodzi, monga zimakhalira pabanja la anthu 7, palibe chosungira, idyeni ikadali yatsopano, ndipo ndi pamene imakoma kwambiri. Koma ngati ikhalitse, mapeto adikire. Cholakwa chimachitika tsiku lomaliza, pamene masilayisi amene ateteza anzawo masiku onsewa amatengedwa ngati zinyalala.

Ena ati pofika tsiku limenelo amakhala atalimba osadyeka. Kulimba kwa buledi wogona si kuuma kokha. Mu 1852 Jean-Baptiste Boussingault wa ku France anatsekera buledi m'chotengera chosatulutsa chinyezi, buledi analimbabe, ndipo atamutenthetsa anafewanso. Chimachitika n'chakuti sitachi imene inafewa mu uvuni imayamba kubwerera m'malo mwake n'kugwirana, ndipo kuzizira kumafulumizitsa zimenezi. N'chifukwa chake buledi wa mufiriji amalimba msanga kusiyana ndi wa m'kabati, ngakhale amachedwa kuchita chuku. Mankhwala ake ndi moto. Wazani timadzi pa silayisi, muiike pa chiwaya chouma pa mbaula ya makala ochepa, muvundikire mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo idzatuluka yofewa m'kati, youma kunja. Idyeni nthawi yomweyo, chifukwa ikazizira imalimba kuposa poyamba. Ikanyikidwa m'dzira lomenya n'kukazingidwa imagwira bwino kusiyana ndi yapakati, imene imang'ambika. Ikauma gwa, ikhoza kusinjidwa mumtondo n'kukhala nyenyeswa zogwiritsa nyama yogaya kapena zokutira nsomba pokazinga, zimene ena amakagula m'paketi ku sitolo atataya zawo.

Pali funso lina limene sayansi singayankhe: m'nyumba zimene mapeto satayidwa, amadya ndani? Mlendo sapatsidwa, ndipo palibe chifukwa cholimbana ndi mwambo umenewu. Mlendo ndi mame, mumuikire m'mbale zooneka bwino. Agogo amene mano anatha ndi mwana amene akuyamba kumene kutafuna nawonso ali ndi chifukwa chomveka, ngakhale tiyi amathetsa vuto lawo. Chovuta ndi nyumba imene mapeto ali ndi mwini wake wosasintha: mtsikana wantchito, mlonda wa pageti, kapena mwana wamasiye amene akuleredwa pakhomopo. Munthu akamaikiridwa tsiku lililonse chimene ena onse akana, amamva uthengawo ngakhale palibe wayankhula, ndipo ana a m'nyumbamo amaphunzira zinthu ziwiri nthawi imodzi, kuti mapeto ndi achabe ndi kuti pali anthu oyenera zachabe. Kumuuza mtsikana uja za Maillard sikungachotse chipongwecho. Chingachichotse ndi bambo kapena mayi wa pakhomopo kutola silayisi ya kumapeto pamaso pa onse n'kuipaka majarini ngati ina iliyonse. Ana amakana chimene aona akulu akukana. Ndipo m'maboma amene mzikiti ndi tchalitchi zimayang'anizana pa msika uliwonse, chiphunzitso choti chakudya chisawonongeke si chachilendo: Asilamu amachimva kwambiri mwezi wa Ramadan, Akhristu amadziwa nkhani ya makombo a mikate amene anatoleredwa m'madengu 12.

Wina angati nkhani yonseyi ndi yaing'ono, ndipo kuwononga kwenikweni ndi kugula buledi kumene, m'dera limene muli mbatata, chinangwa, maungu ndi phala la mpunga, zimene zimagwira m'mimba kuposa buledi pa ndalama yomweyo ndipo sizidya madola. Sitingatsutse. Buledi woyera ndi chakudya chopepuka, ndipo mwana amene wadya futali m'mamawa amafika masana ali ndi mphamvu kuposa wa masilayisi awiri ndi tiyi wopanda mkaka. Mabekale ena m'dziko muno ayesa kusakaniza mbatata yofiira m'kati mumtanda kuti tirigu achepeko, ndipo ndi njira yoyenera kuilimbikitsa. Koma anthu sasiya buledi. Safuna nkhuni, sachedwetsa wopita ku ntchito, amalowa m'chikwama cha mwana wa sukulu. Ndipo mfundo yoti buledi ndi wodula kwa dziko ikulimbikitsa kumudya yense, osati kumusiyako.

Nthawi imene silayisi ya kumapeto iyenera kukanidwa popanda kukambirana ndi pamene yachita chuku. M'dzinja, kutentha ndi chinyezi za m'chigwa cha Shire zikakumana, buledi wa m'bekale zazing'ono amene sathiridwa mankhwala oletsa chuku akhoza kuyamba timadontho tobiriwira kapena takuda m'masiku ochepa, makamaka ngati anatsekeredwa m'jumbo akadali wotentha n'kuchita thukuta. Pogula yang'anani ngati m'kati mwa jumbo muli timadzi. Mapeto, poti ndi amene amakhalitsa, ndi amene kawirikawiri amapezeka nacho, ndipo apa kusunga ndalama kukhoza kusanduka kupusa. Chimene diso limaona ndi pamwamba chabe. Timizu ta chuku timayenda m'kati mwa buledi wofewa kutali ndi kadontho kaja, ndipo mitundu ina imatulutsa poizoni amene moto wa pa mbaula sumupha, choncho kudulapo powola n'kuwotcha potsala sikuthandiza. Silayisi imodzi ikachita chuku, zogundana nayo m'jumbomo musazikhulupirire. Musazipereke kwa ana, kwa wantchito, ngakhale kwa nkhuku, zimene nazonso zimadwala ndi chakudya chachuku. Zikwirireni kudzala, ndipo ulendo wotsatira mugule theka la lofu ngati yathunthu ikumakugonerani masiku ambiri.